Mkanjo Woyera wa Tadala

Tsiku limene mwana wanga Tadala anasankhidwa kukaphunzira uinjiniya wa madzi ku yunivesite, ndinavina pakhomo pathu ku Glen Norah mu Harare mpaka chitenje chinamasuka. Nditapuma ndinayang'ana tebulo langa la tomato, mtima n'kundiuza kuti tomato sangaphunzitse injiniya. Bambo ake anali atatsikira kale kuli chete. Ndinagwada n'kupemphera, mwezi womwewo ndinakwera basi ya ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Kumeneko ndinkachapa, kusita ndi kulera ana a eni, kandalama kakangobwera n'kukatumiza ku fizi. Chinkandipweteka ndi mpopi. Wa ku Joni ukangoukhudza madzi amatuluka, pamene wa kwathu umangofwenthera mphepo. Ndinkasamba ndikuganizira mwana wanga ali pamzere ku mjigo ndi chigubu, misozi n'kutsikira m'madzi momwemo. Mulungu anandipatsa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, a Nachisale a ku Dedza, ndipo mauthenga a pafoni tinkamvera limodzi.

Tadala ndi mwana wa mu Harare, Chichewa chake chimayenda chitagwirana manja ndi Chishona. Madzi iye amati mvura. Tsiku lina anatumiza mawu: "Amayi, masiku ano ndikuyeretsa mvura. Anthu akubwera ndi mabotolo awo, ana asiya kutsegula m'mimba." Kenako chithunzi: atavala mkanjo woyera, atagwada panja, botolo atalikwezera kumwamba.

A Nachisale anagwira pakamwa. "Mayi a Tadala, fizi mukutumizayi ikupita sukulu iti? Woyeretsa mvula uyu ndi mneneri!"

"Mvura ndi madzi, mayi."

"Nanga mkanjowo ndi Chishonanso?"

Aneneri ovala zoyera ndimawadziwa, amapempherera madzi a m'mabotolo m'mathengo a mu Harare. Sindinyoza mapempheredwe a munthu, koma nsana wanga sunkapindikira zimenezo. Kodi mwana wasiya sukulu? Ndikamuimbira, foni osapezeka. Ndinasala kudya, ndinapempha tchuthi kwa abwana, n'kukwera basi osauza aliyense.

Nditafika ku Glen Norah, mayi woyandikana nafe anati, "Tadala? Ali ku Caledonia, kunja kwa tauni, anthu akumuyembekezera kumeneko." Ndinasiya chikwama n'kukwera kombi, minibasi yopita kumeneko.

Mzere wa azimayi a mabotolo ndinauonera patali. Kutsogolo kwake kunali mwana wanga mu mkanjo uja. Koma nditayandikira ndinaona chizindikiro cha yunivesite pathumba, magambutsi kumapazi, ndi mgolo waukulu wokhala ndi kampopi m'munsi.

"Amayi! Mwabwera bwanji osanena?"

"Ndabwera kudzaona mneneri."

Nditamufotokozera anaseka mpaka anakhala pansi, azimayi aja n'kumaseka naye mpaka misozi. "Botolo ndimalikweza kuti ndione litsiro padzuwa, amayi, osati masomphenya!"

Anandionetsa m'kati mwa mgolo: miyala pansi, makala, mchenga pamwamba. Madzi a pachitsime amathiridwa ali obiriwira, amatuluka oyera, ndipo iye amatengako kukayeza kusukulu ngati tizilombo tatha. Anati akuuyesera pano, koma akuupangira anthu a kumidzi kumene kulibe magetsi ngakhale sitolo ya mankhwala, kuti ukawonongeka aziukonza okha ndi zinthu za pomwepo. Masiku amene foni sinkapezeka anali kumidziko.

Mpopi wathu wa ku Glen Norah ndinaupeza ukufwentherabe mphepo, sindinama. Koma pamzere paja panali anthu athu olankhula Chichewa, obadwira m'mafamu ngati ine, ena a ku Tete, ndipo mayi wina wachikulire anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena m'chiyankhulo chathu, "Ndinu amayi ake a injiniya wathu? Musadandaule, Chichewa tikumuwongola ndife." Ine ndinkalira ku Joni kuti mwana ndinamusiya yekha, osadziwa kuti ali ndi amayi mzere wonse.

Tadala anatunga m'kapu, anagwada monga ndinamuphunzitsira, n'kunena pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani, "Imwani madzi, amayi."

Popeza mneneri panalibe, madziwo ndinawapempherera ndine. Ndinakwezera kapu kumwamba n'kumuuza kuti, "Jambula, titumizire a Nachisale."