Abiti Juma, sanandiuze za maliro anu

Abiti Juma, lero chakwana chaka chimvereni za imfa yanu, koma mtima wanga ukadali kuwira. Ndinapalasa njinga kuchokera kwa Kalembo mpaka patiyirumu yanu pa Nsanama. Mwana wanu anandithirira tiyi, kundisiya ndimwe kaye, kenaka ati, "Amayi tinaika mwezi watha." Mwezi watha! Nambala yanga anali nayo. Ati poti ndine Mkhristu, maliro achisilamu sakundikhudza.

Sakundikhudza ine? Paja Ramazani ija ndinafika mvula itandinyowetsa, inu mukusala kudya, munasonkha moto chifukwa cha ine ndekha, n'kumati, "Imwani achimwene, njala yangayi si yanu." Munandifunsa kumene ndimapemphera? Iyayi! Mpaka lero manda anu sanandionetse. Loweruka ndikubwera, ndipo sindichoka pakhomopo mpaka andiperekeze.