Kukaponya Kalata ku Dwangwa

Ndinanyamuka pa Benga Loweruka m'mawa nditavala jekete. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako kunyanja kuno akudziwa kuti mwezi umenewu ngakhale mbuzi imalakalaka itavula chikopa. Koma jeketelo sindikanalisiya, chifukwa m'thumba lake la m'kati munali kalata.

Zinali zaka zija matipate atangobwera kumene. Nyuzipepala zinali mbwee, zina za masamba anayi okha, kutuluka lero mawa yafa, ndipo ife aphunzitsi tinkabwerekana imodzi mpaka kufewa ngati kansanza. Anatiuza kuti pakamwa patseguka. Komabe ukafuna kutchula dzina la munthu wamkulu, khosi linkayamba lacheuka lokha.

Pasukulu yathu yapulayimale panabwera malata ndi simenti zomangira kalasi ya ana a Sitandade 1. Anazitsitsa masanasana, ana akuimba. Patapita miyezi itatu, malata aja anali akunyezimira padenga la nyumba yatsopano ya mkulu woyang'anira chitukuko m'dera lathu, amene tinkangowatchula kuti a Chitukuko. Ana anga anali akuphunzirirabe pansi pa mtengo wa mango, mvula ili pakhomo. Pamsonkhano wa makolo anaimirira munthu mmodzi yekha, Lufeyo kalipentala, n'kufunsa kuti, "Kodi malata aja ali kuti?" Ine ndinali mlembi wa msonkhanowo, ndipo ndinangoweramira kope. Kuchokera tsiku limenelo palibe anamupatsanso Lufeyo ngakhale chitseko choti akonze, mpaka anapita kukadula nzimbe.

Zinandiwawa, ndipo ndinalembera nyuzipepala ina ya ku Blantyre. Ndinalemba ndi dzanja lamanzere, poti zilembo zanga dera lonse linkazidziwira pa malipoti a ana. Pansi ndinasaina kuti "Nzika Yokhudzidwa, Dwangwa." Ndinkaopa, sindibisa. A Chitukuko ankamwa tiyi ndi akuluakulu a maphunziro, ndipo mphunzitsi wovuta ankangosamutsidwira kumene galimoto siifika. Pa Benga sindikanaiponya, chifukwa wogulitsa masitampa anali mlamu wa a Chitukuko. Ku boma ofesi yawo sinali patali ndi positi. Ndiye ndinasankha Dwangwa, kumene ndinalibe m'bale ndi mmodzi yemwe, n'kudziona wochenjera kwambiri.

"Nanga akakufunsani panjira, mukati mukupita kukatani?" anandifunsa akazi anga akundisitira kolala.

"Ndikati kukagula shuga."

"Bambo a Chisomo, shuga wa ku Dwangwa yemweyo ali m'golosale apa. Mabodza simuwatha inu, bola muzingokhala chete."

Kwathu ulendo sabisa. Munthu wopita kutali ndiye positi ya mudzi wonse, ndipo kukana katundu wa mnzako ndi mwano. Ndisanaime ndi mphindi zisanu pamsewu, anatulukira Nabanda, mkazi wa Lufeyo, kathumba kali kumutu. Iye anatsala kumudzi ndi ana atatu, akulima mpunga pakadambo kamene banja la a Chitukuko linam'bwereka.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mukupita ku Dwangwa."

"Mwamva kwa yani, mayi?"

"Kumjigo. Mukawapatseko bambo a ana kampunga aka ndi usipa. Mukafunse pamsika, ali kumeneko chaka chino chonse."

Ndinali ndisanadziwe kuti nzimbe zimene Lufeyo ankadula zinali za ku Dwangwa, koma sindinaganize mozama. Nkhawa yanga inali yakuti chinsinsi chafika kale kumjigo dzuwa lisanakwere. Ndinalandira kathumbako ndi manja awiri.

Cha m'ma seveni kunabwera pikapu ya matola, K20 kukafika ku boma. Tinakhala m'mbali mwa bodi, pakati pali matumba a chinangwa ndi nkhuku ziwiri zimene zinkandiyang'ana ngati zikudziwa kanthu. Bambo wina anayang'ana jekete langa n'kufunsa ngati ndikupita kumaliro kapena kukhoti. Nditati ayi, mayi wina anagamula kuti ndiye kuti ndikukafunsira wachiwiri, ndipo galimoto yonse inandipatsa malangizo a mitala mpaka pa Chia.

Pa mlatho wa Chia dalaivala anaima osauzidwa. Ogulitsa nsomba anatizungulira, chambo chili m'manja chikuphiriphitha. Dalaivala anagula zitatu n'kuzimangirira pagalasi la pambali kuti zizipitidwa mphepo. Masiku amenewo chambo cha pa Chia chinali chambo ndithu, choti mphunzitsi n'kugula pakati pa mwezi osauza mkazi wake bodza. Ndikadutsa pamenepo lero, ndimangoyang'ana madzi.

Ku boma tinafika hafu pasiti eyiti. Ndinalowa m'katiyirumu ka pafupi ndi depoti, n'kukhala kukona moyang'ana khoma: tiyi wa mkaka ndi mandasi awiri, K4. Pabenchi ina amuna atatu, aliyense ndi chipani chake, ankatsutsana mokuwa, n'kumatchula mayina amene zaka ziwiri m'mbuyomo ankaperekeza munthu kundende. Mwini tiyirumu, mayi wachikulire, ankangotseka zenera iwo akakweza mawu, n'kulitsegulanso akakumbuka kuti zinthu zinasintha. Ndinamuwerenga akuchita zimenezi katatu. Potuluka ndinagula nyuzipepala kuti ndibisiremo nkhope.

Minibasi ya ku Dwangwa inali K25, ndipo inadikira ola lathunthu kuti idzaze. Pambali panga panakhala mkulu wina wa chisoti choyera ndi ndevu za imvi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Anati ndi a Mussa, telala wa kwa Malengachanzi, akupita kukayeza mayunifolomu.

"Inu ndinu mwalimu," anatero.

"Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Bolopeni ziwiri, yofiira ndi yabuluu. Ndiye tiwerengereniko pepalalo, maso anga anathera pasingano."

Ndi mmene tinkayendera kale: wodziwa kuwerenga ankawerengera basi yonse. Ndinatsegula tsamba la makalata. Wina anadzitcha "Woona Patali," wina "Mlimi Wotopa," ndipo onse ankang'amba akuluakulu mosanyengerera. Anthu ankaombera m'manja. Mayi wina kumbuyo, wa kalankhulidwe ka kumpoto, ankangoti, "Yewo, auzeni!" Ine pamtima panali pakufufuma, ndikuganiza kuti sabata zikubwerazi basi ina idzaombera m'manja Nzika Yokhudzidwa. A Mussa okha sanaombe.

Titawoloka Bua, pamene anthu anali otanganidwa kutsatsa nsomba za mpasa pawindo, a Mussa anandiyandikira.

"Mwalimu, makalata opanda mayinawa ine amanditsekula m'mimba. Nthawi ya makadi a chipani ija, kunapita kalata yotero ku boma, yonena kuti tcheyamani wa kwathu akudya ndalama za makadi. Zinali zoona. Koma akuluakulu sanafunse za ndalama, anafunsa za dzanja. M'mudzi monse wodziwa kulemba bwino anali mng'ono wanga Idirisa. Anam'tenga ali kudimba."

"Analembadi ndi iye?"

"Wallahi, ayi. Anabwerako patatha zaka zinayi, mano atatha, salankhula ndi munthu. Wolembayo ndikum'dziwa, timaswali mzikiti umodzi mpaka lero. Si munthu woipa. Anangoopa basi."

"Koma pano zinthu zinasintha, bambo. Samanganso anthu."

"Alhamdulillah, samanga. Koma kalata siikhala yamasiye, mwalimu. Mwini wake akaikana, anthu amaipezera bambo wina. Ndipo sasankha wa jekete."

Anatero akuseka, osadziwa chilichonse, n'kutsamira pampando kuwodzera. Ine ndinayang'ana kathumba ka mpunga kamene kanali pamiyendo panga. Ndani wa kwathu amene anafunsapo za malata pagulu? Lufeyo. Ndani wa kwathu amene ankakhala ku Dwangwa? Lufeyo yemweyo. Ndi nzeru zanga zonse za ku koleji, ndinali nditalemba kalata n'kuisainira dzina la munthu amene ndanyamula ndiwo zake. Kundende sakanapita, zoona. Koma kadambo ka Nabanda kakanalandidwa tsiku lomwelo nyuzipepala yafika pa Benga, mbewu ili kale m'nkhokwe.

Minda ya nzimbe inayamba, yobiriwira mbali zonse mpaka kumene maso alekeza, fungo la utsi wotsekemera likulowa pawindo. Ine sindinaione bwino. Ndinali pamlandu ndi mtima wanga. Ndinaganiza zofufuta "Dwangwa" n'kulemba "Salima," koma ndinadziwa kuti anthu akanalozabe amene anafunsa poyera. Ndinaganiza zong'amba kalatayo, kugula shuga, n'kubwerera. Kenako ndinkaona ana anga akuthawa mvula, masileti ali pamutu. Thukuta linali likutsikira m'nsapato.

Tinafika kota pasiti leveni, ndipo positi inkatseka thwelofu. Ndinatsanzikana ndi a Mussa, amene anandilangiza kuti jeketelo lifunika kulibweza m'mapewa. Papositi panali mzere wa anthu a kuesiteti. Nditafika pakauntala ndinagula sitampa ndi envulopu yatsopano, n'kupita pakashelefu ka pakhoma pamene panali bolopeni yomangidwa ndi chingwe. Ndinang'amba envulopu yakale. Ndinadula mzere pa "Nzika Yokhudzidwa, Dwangwa," ndipo pansi pake, ndi dzanja lamanja, ndinalemba dzina langa lonse, sukulu yanga ndi Benga. Zilembozo zinaposa za lamanzere kuipa. Ndinaima pabokosi lofiira nthawi yaitali, mpaka bambo wina kumbuyo anati, "Akulu, mukuitsanzika?" Ndinaisiya, ndipo ndinaimva ikugwa.

Lufeyo ndinam'peza kuseri kwa msika, atakhala pachitsa akunola chikwanje. Anali atada bii ndi phulusa la nzimbe, ataonda. Atandiona anaimirira n'kuvula chipewa. Ndinam'patsa kathumba kake, ndipo anakanunkhiza asanakamasule. Kenako, poti mabodza sindiwatha, ndinam'fotokozera zonse, ngakhale za dzina la Dwangwa lija.

Anayesa chikwanje ndi chala.

"Aphunzitsi, tsiku lija la msonkhano munakhala kutsogolo mukulemba. Funso langa munalilemba m'buku muja?"

"Sindinalilembe, a Lufeyo."

"Ndinaona. Bolopeni inaima." Anapukusa mutu, koma sanakwiye. "Ine dzina langa ndinalipereka kale, masana, anthu onse akuona. Chimene ndinkadikira n'choti wina wa jekete aimirireko, ndisakhale ngati wamisala."

Iye anasolola nzimbe pansi pa chitsa, n'kuidula pawiri.

"Mwachedwa, koma mwafika. Vulani chijeketecho, mufa nacho."

Ndinavula. Tinakhala pamenepo tikutafuna nzimbe, iye akufunsa za ana ake mmodzimmodzi, ngati wamkulu wayamba kuwerenga. Sindikumbuka nzimbe ina yotsekemera ngati imeneyo. Cha m'ma thuu ndinakwera lole ya shuga yopita kumwera, K40 mpaka pakhomo, ndipo ndinafika dzuwa lisanalowe, shuga nditaiwala kugula.

Kalatayo inatuluka patapita masabata atatu. Teremu yotsatira ndinasamutsidwira kusukulu ya kumapiri, kumene njinga umachita kuinyamula, ndipo ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Akazi anga analira, ine ndinaliranso. Malata ena anabwezedwa mwakachetechete, osakwana, moti kalasi ija anaifolera theka malata theka udzu. Nabanda chaka chimenecho anakolola mpunga wake.

Zaka zimenezo ndimazisowa. Tinali ngati ana ophunzira kuyenda, kugwa n'kudzukanso, ndipo mawu anali ndi mtengo wake: K45, sitampa ndi thukuta la tsiku lonse. Lero mdzukulu wanga Tadala amalemba za akuba a kukhonsolo ali chigonere pamphasa, pa intaneti ya pafoni, ndi dzina loti si lake komanso chithunzi cha mkango. Zambiri zimene amalemba n'zoona, ndipo sindimuletsa, chifukwa mantha amenewo ndikuwadziwa, ndinawavalapo mu Okutobala.

Tsiku lina anandionetsa zimene analemba za mjigo wa pamsika, n'kunena monyadira kuti, "Agogo, palibe angadziwe kuti ndine."

Ndinavala magalasi n'kuwerenga mpaka pansi. Analemba bwino mwanayu, kuposa ine.

"Chabwino," ndinatero. "Nanga akakusowa iwe, akaloza yani?"