Mabatire Oyanika Padzuwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, omwe ankaphikira ana pa sekondale ina kufupi ndi Malindi. Ine ndinali nditalekezera Fomu 2, ndikungolima kwathu ku Katuli. Atamva kuti aphunzitsi a sayansi akufuna mnyamata wosamala zipangizo za mu labotale, anakanditchula, ndipo ndinapita nditabwereka nsapato.

Aphunzitsiwo anali a Nyirenda, ochokera ku Rumphi. Pasukulupo panalibe magetsi, choncho phunziro la magetsi linkayendera mabatire a tochi. Ine ndinkasenda nsonga za waya ndi lezala, kupala dzimbiri pa tizitsulo togwira batire, ndi kuyesa mababu limodzilimodzi. Ndikugwira ntchitoyo ndinkamvetsera. Magetsi sayenda ngati njira yake yaduka penapake. Mababu awiri ukawaika pa njira imodzi amawala mofooka, ndipo ukachotsa limodzi linzake limazima. Ukapatsa lililonse njira yake, lina limayakabe. Amita, yoyeza magetsi amene akudutsa, imalowa m'njiramo. Votimita, yoyeza mphamvu ya batire, imagwira mbali ziwiri za batirelo. "Ukazisinthanitsa uwotcha amita," ankatero a Nyirenda, "ndipo ina tidzaiona titakalamba."

Chonditopetsa sichinali sayansi ayi, koma anthu. Aliyense pasukulupo anali ndi wailesi yanjala. Loweruka lililonse aphunzitsi ankabwera: "Ada, mabatire awiri okha, kuli mpira." Mlonda naye tochi yake sinkakhuta. Amenewa ndinkawazemba ponena kuti a Nyirenda akalipa.

Mayeso a boma a Fomu 4 atayandikira, tinalandira katoni ya mabatire atsopano. A Nyirenda anaitanidwa ku boma, nandisiyira kiyi. Tsiku lomwelo analowa Che Bwanali, tcheyamani wa chipani m'deralo, ahedi akuwatsata pambuyo. Amayi a chipani ankakonzekera magule a msonkhano, ndipo chimkuzamawu chinkafuna mabatire.

Ndinati, "Bwana, awa ndi a mayeso."

"Mayeso a ndani, mwanangu?"

"A boma."

"Eya! Nanga ine ndikupempha za kunyumba kwanga?"

Ndinayang'ana ahedi. Iwo ankayang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zodabwitsa. Masiku amenewo munthu wokana tcheyamani ankayenera kutsanzikiratu abale ake. Katoni inapita.

Kwa masiku angapo ndinkamva mabatire athu akuimba kubwalo la mpira kuyambira m'mawa. A tcheyamani anabwera nawo dzulo lake la mayeso, ali otentha ngati mbatata yootcha.

"Ndawayanika pa malata tsiku lonse," anatero Che Bwanali. "Adzuka onse. Ife tikabwereka chinthu timabweza chili bwino."

Kwathu tonse tinkatero ndi mabatire a wailesi, ndiye sindinadabwe. Komabe ndinawayesa ndi votimita, ndipo singano inkafika pafupi ndi pomwe imafika pa batire latsopano. Mtima unakhala pansi.

A Nyirenda anafika m'mawa wa mayesowo m'galimoto imodzi ndi woyang'anira mayeso, bambo wachilendo wovala tayi. "Wayesa?" anandifunsa. Ndinavomera. Dzina la tcheyamani sindikanalitchula pamaso pa munthu yemwe sitinkamudziwa.

Ana analowa, nalumikiza waya, natseka maswichi. Mababu anayaka bwinobwino. Posakhalitsa anayamba kufiira ngati makala otha. Mtsikana wina, Asiyatu, anakweza dzanja.

"Achimwene, singano ikutsika yokha. Ndilembe nambala iti?"

Tebulo lotsatira chimodzimodzi. Mnyamata wina anaphwasula zonse n'kuyambiranso, poganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo. Ana amenewa anaphunzira zaka zinayi, ena makolo awo atagulitsa maukonde, ndipo mayeso awo ankathera m'manja mwawo chifukwa cha magule. A Nyirenda anandikokera pakona.

"Anatenga ndani?"

"A tcheyamani."

Anatseka maso. Kenako anapita kukanong'onezana ndi mlendo uja, yemwe anaimitsa mayeso n'kulamula kuti mwana aliyense asatuluke kapena kulankhula.

"Thamanga," anandiuza a Nyirenda. "Nyumba iliyonse. Wailesi, tochi, chilichonse."

Ndinathamanga khomo ndi khomo m'nyumba za aphunzitsi, ndikupempha kwa anthu omwe aja ankandivutitsa Loweruka. Palibe anapereka msanga. Mayi wina anandigwira dzanja: "Mubweze omwewa, musandisinthire. Madzulo ano kuli sewero." Wina anafuna ndimufotokozere kaye nkhani yonse, dzuwa likukwera. Amalume anandipatsa a m'tochi yawo osafunsa kanthu, nathamangira kukadzutsa mlonda.

Amene ndinapeza anakwanira matebulo ochepa. Ana analemba mosinthana, ena akudikira chete m'kalasi yoyandikana, opanda chakudya cha masana, koma onse analemba. Asiyatu potuluka anandiuza kuti, "Ulendo uno singano inaima." Mlendo uja potseka envulopu anati, "Ndilemba kuti mabatire anawonongeka ndi kutentha kwa kuno." Tonse tinagwedeza mitu movomereza.

Anthu atabalalika, a Nyirenda anatenga batire limodzi la Che Bwanali n'kuligwiritsa votimita. Singano inakwera. Analumikiza babu, singano inagwa ine ndikuona.

"Dzuwa limalidzutsa pang'ono chabe. Batire lotopa likakhala lokha limanama. Uziliyesa babu likuyaka."

Za tcheyamani sananenepo liwu, ngakhale tinali awiriwiri. Anangotambasula dzanja, ndinawapatsa kiyi, naimangirira palamba wawo.

Ndagwira ntchito m'malabotale zaka zambiri, ndipo sindiika batire patebulo la mwana ndisanaliyese babu likuyaka. Kukana akuluakulu kokha kunandikanika mpaka lero. Ndinangodziwa kuti munthu wamanyazi ngati ine, nyengo ya mayeso, asamasunge kiyi.