Giya yachiwiri mpaka ku Ga-Rankuwa

Ndinanama, ndipo mpaka lero ndimapsa mtima kuti panalibe wondigwira pakamwa. Alamu anga, a Yusufu, atandifunsa ngati ndimatha kuyendetsa, ndinati, "Alamu, ine ndinafika ku koleji." Zoti anandichotsa chaka choyamba sindinatchule, ngakhalenso zoti galimoto ndinangoizungulitsapo pabwalo la mpira.

Anandipatsa makiyi a pikapu yomwe inkadyetsa banja lawo lonse, kuti ndikatule mabulangete kwa kasitomala ku Ga-Rankuwa. Ponyamuka ku Arcadia, komwe tinkakhala m'dziko la eni lino, ndinaika giya yachiwiri, basi. Injini inalira ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Madalaivala a matekisi ankandiimbira hutala, wina mpaka kutulutsa mutu pawindo n'kukuwa m'chiyankhulo chawo: "Giya, wena!" Ndinamutukwana m'Chichewa, mwaulemu wake.

Yachitatu ndinkaidziwa komwe ili. Ndinkangoopa kuti ndikachotsa phazi pamoto, galimoto izima anthu akuona. Chigalimoto chanji chofuna kuchiuza chilichonse?

Ndinabwerera utsi uli tolotolo. Alamu ananunkhiza boneti nati, "Eish, makaniko uja wandipha!" Ndinavomera ndi mutu, kenako ndinawaperekeza kukamukalipira munthu wosalakwayo, yemwe ankawakonzera pikapuyo. Wokweza mawu kwambiri ndinali ine.