Khasu la a Chisenga

A Biswick Chisenga anagwira ntchito yokankha odwala pa njinga m'chipatala cha ku Edmonton, kuno kwa azungu, mpaka mutu unayera. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo ndinkawauza zimenezi pamaso. Iwo ankangoseka n'kumanditchula kuti aphunzitsi, ngakhale choko ndinachisiya ku Zomba kalekale, n'kudzakalambira kuno ndikusambitsa nkhalamba za eni.

Tinadziwana kumunda. Kuseri kwa njanji kuli timinda tobwereka timene kuno amati alotimenti, ndipo a Chisenga anali ndi kawo. Khasu anachita kubwera nalo m'chikwama kuchokera kwawo ku Balaka, mpini n'kusema okha. Azungu oyandikana nawo amalima mosalaza, koma iwo ankaunda mizere italiitali, mpaka wina anawafunsa ngati akwiriramo munthu. Ankadzala maungu pofuna nkhwani, mpiru, ndi chimanga chimene sichinkakhwima bwino. Ine ndinkakhala pa chidebe chovundikira n'kumawadzudzula.

Akazi awo atamwalira, iwo atapuma pa ntchito, anayamba chizolowezi chimene sindinawakhululukire. Chisanu chikangopsereza nkhwani mu Okutobala, ankazimitsa hita, kundisiyira kiyi wa geti la kumunda, n'kukwera ndege. Kubwerako mpaka Malichi.

"Mafupa angawa si a kuno, aphunzitsi. Winta imandidya maondo."

"Nanga angawa ndi a ku Wembley?"

"Inu muli ndi mabuku. Muzifunda omwewo."

Ankadziwa bwino lomwe kuti ine sindingachoke. Impso zanga zinafooka, magazi amanditsuka ndi makina kuchipatala komwe iwo ankagwira ntchito. Ana anga ali ku Thamesmead, ndipo ndikawaimbira m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, mwachidule. Miyezi imeneyo kumada munthu usanamalize tiyi wa masana, ndipo sabata imatha ndisanamve liwu la kwathu.

Ku Balaka ankafika mvula ili pafupi. Ankadzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira, kenaka ulendo wobwerera chimanga chisanaume. Okolola anali ana a alongo awo. Chaka ndi chaka ankamva pa foni kuti sizinayende: mwina anankafumbwe, mwina mbuzi, mwina akuba.

"Mukulimira anthu aulesi," ndinawauza.

"Ndi magazi anga, aphunzitsi."

"Nsikidzi nazo zimayenda ndi magazi anu."

Timinda tathuti tili ndi lamulo. Munda ukagonera amaupereka kwa wina, poti odikira ndi ambiri. Chaka chino Malichi anatha a Chisenga osaoneka, ndipo mayi wa komiti yoyang'anira timindato anayamba kundifunsa. Mu Epulo foni inalira.

"Chaka chino ndikolola ndekha, aphunzitsi. Ndikufuna ndione nkhokwe yanga ndi maso angawa."

"Nanga munda wa kuno? Akomiti akufunsa."

"Apatseni ena. Khasulo tengani, ndi lanu."

"Ndilitani khasu ine? Ndilidye?"

Anaseka. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi ana, kenaka foni inaduka.

Komiti sindinaiuze. A Chisenga kuno analibe mkazi, analibe mwana, analibe ntchito. Chowabweretsa chinali kamundako basi. Kuti angabwerere chifukwa cha ine, zimenezo sindinadzinamize. Ndiye ndinatenga khasu lija, ngakhale adokotala anandiletsa kunyamula zolemera ndi mkono umene amalowetsapo masingano. Mizere yanga inatuluka yokhota ngati ya woledzera. Mu Meyi ndinadzala maungu.

"Bambo Chisenga abwera?" mayi uja ankafunsa akandipeza.

"Sabata yamawa."

Chiyembekezo changa chinali pa Juni. Munthu wothawa kuzizira anali ataiwala kuti kwathu nako kumazizira, m'nyumba zopanda hita. Ndinawaimbira dala kuti ndimve akudandaula.

"Kwazizira ndithu," anatero, "koma ndikuotha zitsononkho za chimanga changa."

Nkhwani unayanga mpaka kumpanda. Ndinkathyola, n'kupita nawo kunyumba, n'kuupeza utafota m'jumbo, poti wophika anali iwowo. Ine sindinaphunzirepo ngakhale kuusadzula. Chidebe chawo ndinkachivundikira pafupi ndi changa kuti odutsa aziyesa kuti mwini wake wangochokapo.

Mayi wa komiti sanali wopusa. Mu Seputembala anandiuza mwaulemu, ulemu wa kuno wokuphera kumaso ukumwetulira, kuti adikira mpaka chisanu choyamba. Ndinafuna kumufunsa ngati anaonapo mbalame ikubwera mwezi umene zinzake zikuthawa, koma ndinangomuthokoza.

Chisanu chinagwa Lachiwiri lapitali. Masamba onse anada ngati awathira madzi otentha. Ndinapereka kiyi, zidebe n'kuzisiya pomwepo. Khasu ndinakwera nalo basi, ndipo anthu anandipatsa malo aakulu kuposa masiku onse. Lili kuseri kwa chitseko, dothi likadali kumaso kwake. A Chisenga sindinawaimbire. Aimbe ndi iwo.