Njati ya M'phanga ndi Dzanja Lamanzere

Nkhani iyi ndi ya inu amene chinthu chomwe munkadalira chakutherani muli maso. Ndikuuzani za bambo wina amene anthu ankangomuitana kuti Bulashi.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, mkono wake wamanja unkangolendewera ngati lamba. Madokotala anati ndi sitiroko. Mwendo unadzayambanso kumvera, pakamwa panawongoka, koma dzanja linapinda zala n'kukhala chomwecho.

Dzanja limenelo ndi lomwe linkamudyetsa. Bulashi anali katswiri wolemba zikwangwani. Ometa tsitsi, okonza njinga, ogulitsa nyama, onsewo makoma awo anali ndi zilembo zake. Akajambula tambala pakhoma, anzake ankaseka kuti watsala pang'ono kulira.

Ntchito itaima, m'nyumba munalowa njala. Iyenso anasanduka munthu waukali, wokalipira ngakhale amene akumuthandiza kumanga mabatani. Mkazi wake anapirira mpaka anatopa. Tsiku lina anatenga ana awo awiri n'kubwerera kwa makolo ake.

Amene anamutola ndi achemwali ake, mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo. Anamuyalira mphasa m'kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba. Amuna awo, alamu ake a Bulashi, anali munthu wosabisa mawu. Ankanena mokweza, iye akumva, kuti mlendo ndi mame, koma mame a pakhomo pawo sakamuka ngakhale dzuwa liziswa mtengo.

Masana ena Bulashi anatenga mabulashi ake onse n'kuwaponya pambaula. Achemwali ake pobwera anamva fungo la ubweya wopsa. Anamupeza atakhala pansi, akuyang'ana moto. Bulashi anawauza kuti matenda aja akanachita bwino kumaliza ntchito imene anaiyamba.

Mayiwo sanakalipe. Anachotsa mbaulayo, n'kukhala pambali pake.

"Achimwene, chafa ndi dzanja limodzi," anatero. "Ine sindilira maliro a munthu wamoyo."

Patapita masabata, mayi wina wodzasoketsa diresi anauza achemwaliwo kuti kuphiri kukufunika mlonda. Kumeneko kunali phanga lokhala ndi zithunzi zimene anajambula anthu akalekale, a nthawi imene kunalibe makasu, kunalibe chitsulo, kunalibe zilembo. Ntchitoyo anthu ankaikana. Njira inali yotsetsereka, m'phangamo munkanunkha mileme, ndipo alendo ankabwera mwa apo ndi apo. Bulashi anavomera chifukwa ankafuna kuchoka pamaso pa alamu ake.

Miyezi yoyamba sanalowemo. Ankatsegula geti, kukhala pamwala, msana atalozetsa kuphanga. Munthu amene dzanja lamufera safuna kuona zojambula za ena.

Tsiku lina mvula yamphepo inamupeza ali kutali ndi kanyumba kake ka ulonda. Anathawira m'phangamo. Madzi atayamba kulowa pakhomo, anasunthira mkati, n'kuyatsa tochi kuti aone popondapo. Kuwalako kunagwera pakhoma.

Panali njati yofiira, yaikulu ngati chitseko, itaweramitsa mutu. Bulashi anaima chilili. Iye anali munthu wa ntchito imeneyi, choncho sanaione ngati mmene alendo amaonera. Anaona kuti mzere wa msana unachoka panyanga kukafika kumchira dzanja lisananyamuke. Anaona kuti pamene thanthwe linatukuka, wojambulayo anaikapo phewa, moti tochi ikasuntha, nyamayo inkaoneka ngati ikupuma. Anaonanso kuti mwendo wakumbuyo unajambulidwa kawiri. Woyamba unalakwika, mwini wake anaufufuta, n'kuyambiranso.

Chapansi pake panali zikhatho. Anthu aja ankagunditsa dzanja pamwala n'kuuzira utoto m'mbali mwake. Chikhatho chimodzi chinali chopereweza zala.

Anakhala pansi n'kuyamba kuganiza za munthu ameneyo. Analibe sitolo yogulako penti. Analibe makwerero, analibe tochi. Kunja kunali zilombo, mimba mwina inali ikulira, ana mwina ankamwalira chaka ndi chaka. Koma analowa mumdima muno ndi muuni wofuka utsi, n'kujambula chinthu chimene Bulashi, ndi manja ake awiri aja, sakanatha.

Mvula inakata, iye akadali momwemo. Kwa nthawi yoyamba chidwalireni, analira.

M'mawa mwake anatola khala ndi mwala waphanthiphanthi kuseri kwa kanyumba kake. Anagwira khalalo ndi dzanja lamanzere. Mzere unatuluka wonjenjemera ngati wa mwana wongoyamba sukulu. Anaponya mwalawo kutchire. Madzulo anapita kukautola.

Khoma la phanga sanalikhudze ngakhale kamodzi. Ankaphunzirira pamiyala yotola. Anafuna kudziwa mmene akale aja ankapangira utoto, ndiye anayamba kuyesa. Ankakumba dothi lofiira m'mbali mwa khwawa, kulipera pamwala atapanikiza ndi bondo, n'kusakaniza ndi madzi. Likauma linkayoyoka. Anayesa mafuta a nyama, nyerere zinabwera n'kudya chithunzi chonse. Chopakira utoto chake chinali kamtengo kotafuna kunsonga. Zala zinatuluka matuza, phewa linkawawa mpaka kulephera kukweza kapu.

Loweruka lina anatenga mwala umodzi kupita nawo kunyumba. Alamu ake anautembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati ili ndi tebulo kapena mbuzi yodwala. Achemwali ake anaulanda n'kuuika pawindo. Nthawi imeneyo n'kuti iwo atayamba kutsokomola ndi kuonda, koma ankati ndi fumbi la nsalu.

Chaka chinatha, china n'kulowa. Mulu wa miyala kuseri kwa kanyumba kaja unakula. Mizere inasiya kunjenjemera, utoto nawo unasiya kuyoyoka.

Kenako tsoka linamupezanso. Tsiku lina atapita kukatenga mankhwala kuchipatala, anthu osadziwika anadumpha mpanda n'kulemba mayina awo ndi penti pamwamba pa zithunzi za pakhomo pa phanga. Bwana woyang'anira malowo atabwera, anapeza tizitini ta utoto m'kanyumba ka mlonda, zala za mlondayo zili psuu. Sanafune kumva zambiri. Bulashi anachotsedwa ntchito n'kutengeredwa kupolisi.

Anakhala m'chitokosi masiku angapo. Achemwali ake, odwala chomwecho, ankayenda wapansi kukamupatsa chakudya, akupumira m'njira. Anamasulidwa zitadziwika kuti penti yowononga ija inali yogula m'sitolo, osati dothi lake. Koma ntchito sanamubwezere, ndipo palibe anapepesa.

Mwezi usanathe, achemwali ake anamwalira.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Bulashi anakulunga mphasa yake. Ankadziwa kuti pakhomopo panalibenso womuikira kumbuyo. Alamu ake anamupeza pakhomo la kachipinda kaja. Maso awo anali ofiira. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamulanda mphasayo n'kuiponya mkati.

"Mukupita kuti, alamu? Mukufuna ndizilankhula ndi makoma? Dothi lanu lija mumakumba pati? Ndikakutengerani panjinga."

Kuyambira pamenepo amuna awiriwo ankakhala limodzi, osalankhulana zambiri. Wina ankabweretsa dothi ndi miyala, wina ankajambula pansi pa mtengo. Masiku ena Bulashi sankadzuka n'komwe. Alamu ake ankangoika mwala pakhomo n'kumapita kuntchito. Akabwerako ankapeza pajambulidwa kanthu.

Panthawiyo kuphiri kuja kunabwera mayi wina wofufuza zinthu zakale, kudzachotsa penti yowononga ija. Akuzungulira kuseri kwa kanyumba ka mlonda, anapunthwa pamulu wa miyala uja. Atatembenuza umodzi anaona njati. Anafunsa kuti mwini wake ndani, n'kulondoleredwa mpaka kunyumba.

Anamufotokozera Bulashi kuti phangalo litsekedwa. Mpweya wa anthu ndi chinyezi zinali kudya zithunzizo pang'onopang'ono. Kuti anthu azionabe, akuluakulu anakonza zoumba khoma lofanana ndi la m'phangamo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo pankafunika anthu ojambula ndi utoto wa dothi. Koma mayiyo sanamunyengerere. Anamuuza kuti utoto wake ndi wabwino, koma nyama zake zaima njo ngati za pachikwangwani.

"Inu mwaphunzira pakhoma, bambo," anatero. "Iwo aja anaphunzira panyama yamoyo. Ankaisaka, kuithawa, kuisenda. Pitani mukaone kaye nyama."

Mawuwo anamupweteka, koma anali oona. Bulashi anafunsanso za chikhatho chopereweza zala chija. Mayiyo anayankha kuti palibe akudziwa ngati zalazo zinaduka kapena mwini wake anangozipinda. 

Anayamba kulawirira kudambo kumene ng'ombe zimadya. Ankakhala paudzu wonyowa tsiku lonse, akuona mmene nkhunzi imaponyera phewa ikamayenda, mmene khosi limakhwinyatira ikafuna kugunda, mwendo umene umayamba kunyamuka ikamadzuka. Abusa ankanong'onezana kuti mutu wake sukuyenda bwino. Ena ankati imfa ya achemwali ake yamuzunguza. Iye ankangopitiriza kuyang'ana ng'ombezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atapita kukayesedwa koyamba, analephera. Khoma loumbalo linali lalitali, ndipo munthu wa dzanja limodzi sangagwire makwerero kwinaku akujambula. Anagwa, n'kung'ambika pachipumi. Anabwerera kunyumba magazi ali pamalaya. Alamu ake anati zakwana, asadziphe chifukwa cha miyala. Koma Lamlungu lotsatira, alamu omwewo anakhoma kansanja kamatabwa kokhala ndi chotsamira, choti munthu aimepo osagwira.

Ulendo wachiwiri anamulemba ntchito.

Ntchitoyo inatenga nthawi yaitali. Anali m'gulu la ojambula angapo, ena achinyamata ochokera kusukulu zaukachenjede. Iwo anamuphunzitsa kuyeza ndi kuwerenga zithunzi za phangalo zojambulidwa ndi makina, iye anawaphunzitsa kupera dothi. Njati yaikulu ija anapatsidwa iyeyo. Anaifufuta n'kuyambiranso kambirimbiri. Tsiku limene mzere wa msana unayenda kuchoka panyanga mpaka kumchira dzanja osaima, anatsika pansanja paja n'kukhala pansi.

Tsiku lotsegulira kunabwera anthu ambiri. Pakati pawo panali ana ake awiri, atatalika moti anachita kuwayang'anitsitsa. Wamkulu, mtsikana, anaima kutsogolo kwa njatiyo nthawi yaitali. Kenako anabwera n'kugwira dzanja lopuwala lija, limene ali wamng'ono ankaliopa.

"Ababa, mwajambula ndinu zoona?"

"Ndangotsanzira, mwanangu. Mwini wake anamwalira kalekale. Dzina lake palibe akulidziwa."

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Dzanja lamanja silinachire mpaka lero. Mkazi wake anakwatiwa kwina. Achemwali ake, amene anamutola aliyense atamutaya, sanaone khoma limenelo, ndipo zimenezi zimamudyabe mumtima. Koma Bulashi ali ndi ntchito, ana ake amabwera kudzagona patchuthi, ndipo kamodzi pamlungu amapita kuchipatala kukakhala ndi anthu ofa ziwalo. Amawapatsa khala ndi mwala. Ambiri amaponya mwalawo pansi tsiku loyamba. Iye amawerama, kuutola, n'kuwapatsanso.

Inu amene mukuwerenga, sindikudziwa chimene chakuferani. Mwina ndi ntchito, mwina banja, mwina thupi lomwe. Sindinena kuti ululu wanu ndi wochepa. Koma kumbukirani kuti ndinu mbewu ya anthu amene ankagona m'mapanga, njala ndi zilombo zitawazinga, koma anapera dothi n'kusiya kukongola kumene mpaka lero akatswiri amakugwirira pakamwa. Magazi awo ndi omwe akuyenda mwa inu.

Lirani ngati pali polira. Mukatha, pukutani misozi, muone chimene chatsala m'manja mwanu, n'kuyamba ndi chomwecho. Choyamba chidzakhala chokhota, anthu adzaseka. Chitaninso mawa. Mtima wokhawo, abale anga, musautaye.