Fumbi Lakuda la pa Mbale ya Amuna Anga

Mawu a malemu amuna anga ndinawafafaniza ndi manja anga omwe, ndikuganiza kuti ndikuchita zabwino. Inu owerenga, sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene zinandichitikirazi mumve, makamaka inu amayi anzanga amene mwatsala ndi katundu wa amuna anu amene simukumudziwa bwino.

Ine ndi amuna anga tinachokera ku Nsanje n'kudzakhazikika ku Bangwe. Asanandikwatire ankaimba kwaya kutchalitchi, ndipo kwayayo inajambulitsa nyimbo pa mbale, zakuda zazikulu zija zoliza pa galamafoni. M'nyimbo imodzi muli ndime imene anaimba okha, ndi mawu awo a unyamata. Mbaleyo tinali nayo imodzi yokha, ndipo sindikudziwa munthu wina amene anasunga yake.

Galamafoni yawo ankaisamala kwambiri. Kunsonga kwa kamkono kake kumakhala kamutu kogwira singano. Kamutu kameneko anachita kukagula padera kwa bwana wawo wakale, ndipo ankati n'kopepuka, sikapweteka mbale. Atamwalira ndinaphunzira ndekha kutsitsa singano, ndipo Lamlungu lililonse ndikachoka ku Misa ndinkakhala pansi n'kuwamva akuimba. Khumbo langa linali lakuti tsiku lovundukula chiliza chawo, adzukulu adzamve mawu a agogo awo. Vuto linali lakuti galamafoniyo inkalira motsika, yongokwanira pabalaza.

Ndinadandaulira a Zuze. Iwowa anali mnzawo wa amuna anga kuchokera kumudzi, amakhala ku Chitawira ndipo amakonza mawailesi ku Limbe. Pamaliro ndi iwo amene anathamanga ndi zonse, ananyamula nawo bokosi, ndipo analira anthu akuona. Atayang'ana galamafoniyo anati kamutu kanatha, koma ali nako kena kamene anakakonza okha n'kukawonjezera mphamvu, kolira mpaka kwa aneba. Za malipiro anakana, anati akuchitira mbale wawo. Ndikanawakayikira bwanji?

Anaitenga, patapita masiku n'kuibweza. Kamutu katsopanoko kanali kakakulu, komata ndi guluu, ndipo pamwamba pake anamangirirapo ndi mphira kanati kachitsulo, kaja komangira bawuti. Anati kanatiko n'koti singano isamadumphe. Kamutu kakale anati anataya. Kunena zoona, inalira mokweza, mpaka mayi wogulitsa makala kuseri kwathu anabwera kudzasuzumira.

Nyimbo itatha ndinaona fumbi lakuda litaunjikana pa singano, zimene kale sizinkachitika. Nditafunsa, a Zuze anaseka.

"Musade nkhawa, mlamu. Singanoyi ikutsuka mbale. Limenelo ndi litsiro la zaka zonse zija. Muziiliza pafupipafupi kuti iyere msanga."

Mawu akuti kutsuka ndi amene anandipha. Ine ndagwira ntchito m'nyumba za anthu moyo wanga wonse, ndipo ndimadziwa kuti madzi akada ndiye kuti chinthu chikuyera. Choncho ndinayamba kuliza nyimbo ya amuna anga tsiku ndi tsiku, ikatha n'kuibwereza. Fumbilo ndinkapukuta ndi nsonga ya chitenje, mtima uli mbee. Kenako kumbuyo kwa nyimbo kunayamba kumveka phokoso longa la mvula pa malata. Mizere ya pa mbale inayamba kutuwa. Ine n'kumati litsiro latsala pang'ono kutha, n'kuwonjezera kuliza.

Zoona zinatulukira kutchalitchi. Tikusesa ndi amayi anzanga, akazi a Zuze anandigwira dzanja n'kundithokoza chifukwa cha mphatso imene ndinapatsa amuna awo. Anati chiikireni kamutu kakale kaja ka amuna anga pa galamafoni yawo, nyimbo zikumveka ngati oimbawo ali m'nyumba momwemo. Mayi aja sankadziwa kanthu. Ine ndinangoti zikomo, koma tsache linandigwa m'manja.

Mawa lake ndinasenza galamafoni kupita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi pamsika wa Bangwe. Anatsitsira singanoyo pa chala chake, n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti singanoyo ndi yobuntha, kamutuko n'kolemera, ndipo ndi kanati kaja sikankaimba mbale koma kuilima. Fumbi limene ndinkapukuta silinali litsiro ayi, inali mbale yeniyeniyo ikuperesedwa. Anayesa kuiliza ndi singano yake yabwino. Pofika pa ndime ya amuna anga panangomveka phokoso, ndi kamawu kapatali ngati ka munthu woitana ali tsidya la Shire. Ndinafunsa ngati zingakonzeke. Anati mizere ikadyeka sibwerera.

Ndinakwera minibasi kupita ku Chitawira. A Zuze sanakane. Anati malemu anawalonjeza kamutuko adakali moyo, ndipo anaona kuti kundipempha pa nthawi ya chisoni kukanakhala kupanda ulemu.

"Komanso inu mlamu," anatero, "kusiyana kwa kamutu ndi kamutu mumakumva?"

Ndinawayankha kuti za timitu sindidziwa, koma mawu a amuna anga ndimawadziwa. Ndinawafunsanso chifukwa chake anandiuza kuti ndiziiliza pafupipafupi, pamene ankadziwa kuti fumbilo n'chiyani. Akanandipempha kamutuko ndikanawapatsa. Akanangoba n'kukhala chete, mwina mbale ikanatsalako. Koma kuti bodza lawo lisaululike, anandituma ine ndemwe kuti ndimalize kuwononga.

Kamutu kaja anakatumiza ndi akazi awo, kali m'bokosi la machesi. Ndinakalandira, ndipo mkulu wa pamsika uja anakabwezeretsa.

Tsiku la chiliza litafika, adzukulu anakhala pa mphasa. Ndinatembenuza mbale n'kuliza mbali inayo, imene sinawonongeke, pamene kwaya yonse imaimbira pamodzi. Mdzukulu wanga wamkazi anandifunsa kuti mwa anthu onsewo agogo ndi ati. Ndinatchera khutu kufikira nyimbo inatha, koma sindinawapeze.

Inu owerenga, ngati muli ndi mawu a munthu wanu pa mbale kapena pa kaseti, uzani ana awajambule pa foni lero, wina asanakhudze makinawo. Wina akafuna kusintha kachitsulo kalikonse, muuzeni asinthire pamaso panu ndipo chakalecho akusiyireni m'manja, ngakhale akhale munthu amene analira nanu pamaliro. Chatsopanocho muyambe mwayesera pa mbale imene simungailire. Ndipo mukaona chinthu chachilendo chikutuluka, imani, mukafunse munthu wachiwiri. Ine ndinafunsa mmodzi yekha, yemweyo amene anandibera.